Kukupiza ndi Kupopa: Kodi Supercharger Yamagetsi Ingapulumutse Injini Yakale ya Dizilo?

Mawu Oyamba

Boma la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma ang'onoang'ono m'Malawi muno, koma ndi lothithikana ndi anthu. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'bomali, ndipo ambiri mwa iwo amadalira timinda tating'ono komanso misika ya ku Limbe ndi ku Blantyre. Tomato, kabichi, nandolo, mkaka, njerwa ndi miyala ya ku Njuli zilibe miyendo. Zimafika kwa ogula pa mapikiapu, timalole ndi maminibasi, ndipo zambiri mwa galimoto zimenezi ndi za dizilo zomwe zidabwera kuno zitagwira kale ntchito zaka zambiri kunja. Galimoto yotere ikayamba kufooka pa chikweza, amene amada nkhawa si dalaivala yekha. Kumbuyo kwake kuli banja limene limadyera pa galimotoyo, kuli fizi ya ana, kulinso alimi amene tomato wawo sadikira.

Masiku ano munthu akangokhala ndi foni yolowa pa intaneti amakumana ndi malonda a kachipangizo kotchedwa electric supercharger pa Chingerezi. Otsatsa malondawo amati ukakamangirira pa paipi yolowetsa mpweya n'kukalumikiza ku batire, injini yokalamba imabwerera ku unyamata, imakoka bwino ndiponso imamwa mafuta ochepa. Kwa munthu amene galimoto yake yatopa koma alibe ndalama zogulira ina, mawu amenewa amakoma ngati uchi.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika ngati n'kwanzeru kutaya ndalama pa chipangizochi pofuna kutsitsimutsa injini yakale ya dizilo yokhala ndi turbo. Ndiyamba ndi kufotokoza chifukwa chimene injini imafunira mpweya, ntchito ya turbo ndi chofooka chake, kenako ndiwerengera mphamvu zimene supercharger yamagetsi imafuna. Monga wophunzira za zilankhulo, ndaona kuti chisokonezo chachikulu chagona pa dzina. Dzina limodzi la Chingerezi likuimira zinthu ziwiri zosiyana kutalitali, pamene Chichewa chili ndi aneni awiri amene amazilekanitsa bwinobwino, omwe ndi kukupiza ndi kupopa.

Injini Imafuna Mpweya

Aliyense amene adakolezapo mbaula amadziwa kuti makala paokha sayaka. Moto ukamazirala timatenga chivindikiro cha poto kapena katoni n'kuyamba kukupiza, makala aja n'kufiira. Amisiri osula makasu ndi nkhwangwa adachidziwa kalekale chinsinsi chimenechi, n'chifukwa chake ankagwiritsa ntchito mvukuto. Injini ya dizilo nayonso ndi ng'anjo, kungoti moto wake umayaka m'kati mwa zitsulo.

Injini ya mtundu umenewu idatenga dzina la Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake idayamba kugwira ntchito bwino mu 1897. Kagwiridwe kake ndi kotere. Pisitoni ikamatsika imakokera mpweya mu silinda. Ikamakwera imaufinya mpweyawo kuchokera pa magawo pafupifupi 20 kufika pa gawo limodzi, ndipo mpweya wofinyidwa chotero umatentha kwambiri. Nthawi yomweyo kamlomo kachitsulo, kamene amakaniko amakatchula kuti nozo, kamapemerera dizilo ngati nkhungu. Dizilo uja amayaka yekha popanda pulagi, ndipo mphamvu ya motowo imakankhira pisitoni pansi. Pomaliza pisitoni imakweranso kutulutsa utsi.

Pali mfundo ziwiri zofunika kuzisunga pamenepa. Yoyamba ndi yakuti mphamvu yoyendetsa galimoto ili m'dizilo, ndipo ntchito ya mpweya ndi kulola dizilo kuti apse. Yachiwiri ndi yakuti mpweya wofunika ndi wambiri zedi. Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.5 a mpweya, ndipo injini yeniyeni imafuna woposa pamenepo kuti isafuke. Mpweya ukaperewera, dizilo wina amatuluka osapsa, ndiye utsi wakuda uja timauona kumbuyo kwa malole. Utsi wakuda ndi ndalama zimene zapsa osagwira ntchito.

Kwathu kuno palinso vuto lina. Mpweya umapepuka munthu akamakwera kumtunda. Madera a Chiradzulu a m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Galimoto imene idatsika m'sitima ku Durban kapena ku Dar es Salaam ikafika ku Njuli imapuma mpweya wochepa kuyerekeza ndi umene inkapuma padoko.

Turbo ndi Chofooka Chake

Njira imodzi yopatsira injini mpweya wokwanira adaitulukira ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene adalembetsa luso lake mu 1905. Utsi wotuluka mu injini umakhala udakali ndi mphamvu zambiri, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu za mafuta limathawira ku ekizozi. Turbo imakola mphamvu yothawayi. M'kati mwake muli tizipukupuku tiwiri tachitsulo tolumikizidwa ndi kamtanda kamodzi. Kamodzi kali m'njira ya utsi, kena kali m'njira ya mpweya wabwino. Utsi ukamazunguza koyambako, kachiwiri kamazungulira nako n'kumafinyira mpweya mu injini. Liwiro lake limapitirira maulendo 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo turbo yabwino imawonjezera mpweya woposa theka pa umene injini ikadakoka yokha. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwiritsa ntchito mphamvu imene ikadangotayika.

Luso limeneli lidayambira pa injini zikuluzikulu za sitima, kenako lidafika pa malole, ndipo mu 1978 kampani ya Mercedes-Benz idayamba kugulitsa galimoto wamba ya dizilo yokhala ndi turbo, yotchedwa 300SD. Pofika m'zaka za m'ma 1990 turbo idali itafala pa mapikiapu ndi galimoto za m'misewu yoipa. Injini monga Toyota 2L-T ndi 1KZ-TE, Isuzu 4JB1-T, Mitsubishi 4D56 komanso Land Rover 300Tdi ya mu 1994 ndi za m'badwo umenewo, ndipo ndi zoterezi zimene ndikutanthauza ndikamati injini zakale. Tizindikire kuti si galimoto zonse za dizilo zili ndi turbo. Maminibasi ambiri a Toyota Hiace a injini ya 3L kapena 5L alibe, ndipo nkhani yawo ndi ina.

Chofooka cha turbo ndi chakuti imadalira utsi, pamene utsi umachuluka pokhapokha injini ikathamanga. Taganizirani kalole kodzaza matumba a nandolo kamene kaima pa siteji ya Mbulumbuzi, kapena kachepetsa liwiro pa mahampu, kutsogolo kuli chikweza. Dalaivala akaponda mafuta, pampu imatumiza dizilo nthawi yomweyo, koma turbo imakhala isanadzuke. Kwa sekondi imodzi kapena zingapo injini imakhala ngati ilibe turbo n'komwe. Imakoka mpweya wopepuka wa kumtunda uja, imalira mokakamira, ndipo utsi wakuda umati tolo kumbuyo. Pambuyo pake utsi umachuluka, turbo imayamba kuimba kamluzu kake, galimoto n'kukoka. Pa Chingerezi vutoli amalitchula kuti turbo lag. Ife tinganene kuti turbo imachedwa kudzuka.

Supercharger Yeniyeni

Supercharger imagwira ntchito yofanana ndi ya turbo, yofinyira mpweya mu injini, koma siidikira utsi. Ya makedzana imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, choncho imaba gawo la mphamvu za injiniyo. Yamagetsi imazunguzidwa ndi mota, ndipo mota ubwino wake ndi wakuti imadzuka nthawi yomweyo ukangoipatsa moto. Ganizo lake ndi lomveka: mota ipope mpweya pa masekondi ochepa aja pamene turbo ili m'tulo, ndipo turbo ikadzuka mota ipume.

Ganizo limeneli lidatheka ndithu. Mu 2016 kampani ya Audi idatulutsa galimoto ya dizilo yotchedwa SQ7 TDI, yokhala ndi injini ya malita 4, maturbo awiri komanso supercharger yamagetsi yopangidwa ndi kampani ya Valeo ya ku France. Chipangizocho chimafika pa maulendo 70,000 pa mphindi m'kati mwa gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Mu 2017 nayo Mercedes-Benz idaika chipangizo cha mtundu womwewo pa injini yake ya petulo yotchedwa M256.

Koma tiyeni tione zimene amisiri a Audi adayenera kuchita kuti zimenezi zitheke. Mota yawo imafuna mphamvu yofika mawati 7,000, yomwe ndi yofanana ndi maketulo amagetsi atatu kapena anayi owira nthawi imodzi. Magetsi a mavolti 12 amene ali m'galimoto wamba sakadakwanitsa, choncho adaika dongosolo lachiwiri la magetsi a mavolti 48 lokhala ndi batire lakelake la lithium. Adaikanso kompyuta yolamula nthawi imene mota iyake ndi kuzima, ndi kuchuluka kwa dizilo woti alowe, komanso mavavu otsegula ndi kutseka njira za mpweya. Galimoto yonse idakonzedwa poganizira chipangizocho, ndipo ngakhale zili choncho chimagwira ntchito kwa masekondi ochepa chabe pa nthawi imodzi. Maturbo aja adakalipo, ndipo ndi amene amasenza katundu wamkulu.

Tiyeni Tiwerengere

Wina angafunse kuti, n'chifukwa chiyani kupopa mpweya kumafuna mphamvu zochuluka chotero, chikhalirecho mpweya ndi wopepuka? Masamu a ku sekondale akukwanira kuyankha funsoli.

Titenge injini ya malita 2.5, yomwe ndi ya msinkhu wa mapikiapu ambiri. Injini yotere imadzaza masilinda ake onse kamodzi pa maulendo awiri alionse amene yazungulira. Ikamazungulira maulendo 2,000 pa mphindi, ndiye kuti imadzaza maulendo 1,000, ndipo imameza malita 2,500 a mpweya. Amenewa ndi ofanana ndi zigubu za malita 20 zokwana 125 pa mphindi imodzi, kapena kuti zigubu ziwiri pa sekondi iliyonse. Supercharger iyenera kupereka mpweya wonsewu ndi kuwonjezerapo theka, uku ikulimbana ndi mpweya umene uli kale m'paipi. Tikawerengera pamodzi ndi mphamvu zimene zimatayika ngati kutentha mu mota ndi m'chipukupuku, ntchito imeneyi imafuna mawati pafupifupi 4,000 a magetsi.

Tsono lamulo la magetsi limati tikagawa mawati ndi mavolti timapeza maampeya, omwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya. Tikagawa 4,000 ndi 12 tikupeza maampeya oposa 330. Alternator ya pikiapu yakale, yomwe ndi chipangizo chotchaja batire, imapereka maampeya apakati pa 60 ndi 90, ndipo ena mwa iwo amapita ku nyali ndi ku zinthu zina. M'galimoto yonse chinthu chokhacho chimene chimakoka magetsi ofanana ndi amenewa ndi sitata, ndipo tonse timadziwa zimene zimachitika dalaivala akaliza sitata kambirimbiri injini osalira: batire limatha, mawaya amatentha, anyamata n'kuyamba kukankha. Malole ena a ku Japan ali ndi magetsi a mavolti 24, koma ngakhale pamenepo pakufunika maampeya oposa 160.

Tisaiwalenso kumene magetsiwo amachokera. Batire limatchajidwa ndi alternator, alternator imazunguzidwa ndi lamba wa injini, ndipo injini imamwa dizilo. Pa sitepe iliyonse mphamvu ina imatayika, moti alternator wamba imataya pafupifupi theka la mphamvu imene yalandira. Choncho amene akuti supercharger yamagetsi imapereka mphamvu zaulere akunena zosatheka. Amene amalipira ndi thanki ya dizilo.

Chimene Chimagulitsidwa Motchipa

Tsopano tibwerere ku kachipangizo ka pa intaneti kaja. Kawirikawiri kamakhala kafani kapulasitiki kokhala m'kati mwa kapaipi, kokhala ndi timawaya tiwiri topyapyala ngati ta wailesi. Tiyerekeze kuti kamakoka maampeya 15. Tikachulukitsa 15 ndi 12 tikupeza mawati 180, omwe sakufika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 20 a mphamvu zimene tawerengera pamwambapa.

Apa ndi pamene aneni athu awiri aja akutithandiza. Kukupiza ndi kusuntha mpweya pamalo opanda chotchinga, monga timachitira pa mbaula kapena pa nkhope nthawi yotentha. Kupopa ndi kukankhira mpweya pamalo pamene padzaza kale, monga amachitira mnyamata wa kabaza akamapopa tayala la njinga. Aliyense angayese yekha: tengani chubu cha njinga, muchiike kutsogolo kwa fani ya m'nyumba tsiku lonse, sichidzafufuma. Koma pampu yaing'ono ya m'manja imachifufumitsa pa mphindi imodzi, ndipo wopopayo amatuluka thukuta. Thukutalo ndiye mawati 4,000 aja. Injini imafuna kupoperedwa. Kafani kapulasitiki kamangoikupiza.

Pali zinanso zoipa kuposa pamenepa. Injini ikathamanga imakoka mpweya wochuluka kuposa umene kafaniko kangasunthe, choncho kamasanduka chotchinga pakhosi pa injini, ndipo galimoto imafooka pa nthawi imene imayenera kukoka. Choopsa kwambiri ndi chakuti kafaniko amakaika pakati pa sefa ya mpweya ndi turbo. Phiko limodzi lapulasitiki kapena kanati kakang'ono kakathothoka, palibenso sefa yoti ikagwire. Kamalunjika m'chipukupuku chozungulira maulendo 100,000 pa mphindi, ndipo zidutswa za chipukupukucho zingathe kulowa mu silinda. Munthu amene amafuna kupeputsa mavuto amapezeka akufunafuna turbo ina, mwinanso injini yonse. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Wofuna kuzindikira kusiyana kwake afunse mafunso atatu asanatulutse ndalama. Kodi chimagwiritsa ntchito mavolti angati? Kodi mota yake ndi ya mawati angati? Nanga pulesha imene chimapereka ndi yochuluka bwanji injini ikuthamanga? Wogulitsa akamangokamba za liwiro la fani, osatchula pulesha, ndiye kuti akugulitsa chokupizira. Ngakhale mawaya okha amaulula. Chopopera chenicheni chimafuna mawaya onenepa ngati a ku batire.

Nanga Munthu Atagula Yeniyeni?

Alipo makampani kunja amene amagulitsa supercharger yamagetsi yeniyeni yoti munthu n'kumangirira pa galimoto yake. Imabwera ndi batire lake la mavolti 48, tchaja ndi kompyuta yoilamula, ndipo imapopa ndithu. Funso ndi lakuti kodi ikuyenera pikiapu ya zaka 25 yoyenda pakati pa Namitambo ndi Limbe? Ine ndikuona zifukwa zinayi zokanira.

Choyamba ndi mtengo. Zipangizo zimenezi amazigulitsa m'madola, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'masauzande, osaphatikiza mayendedwe ndi msonkho. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti chilichonse chogula kunja chidakwera mtengo koopsa. Ndalama zoterozo zingakwanire kuphwasula injini yonse ndi kuikonzanso.

Chachiwiri ndi chakuti mpweya pawokha suwonjezera mphamvu. Monga ndanenera kale, mphamvu ili m'dizilo. Mpweya wowonjezera ungachepetse utsi wakuda ndi kufulumizitsa turbo, koma kuti galimoto ikoke kwambiri pafunikanso dizilo wowonjezera. Mapampu ambiri a injini zakale za turbo ali ndi kachipangizo kamene kamawonjezera dizilo pulesha ikakwera, choncho lonjezo la kumwa mafuta ochepa limathera pomwepo.

Chachitatu ndi ukalamba wa injini. Mpweya wambiri ndi dizilo wambiri pa nthawi imene injini ikuzungulira pang'onopang'ono zimapanikiza kwambiri mapisitoni, mabering'i ndi gasiketi ya hedi. Injini yatsopano ingapirire. Koma imene yayenda makilomita masauzande mazanamazana, redieta yake ili yomatamata, ili ngati nkhalamba imene mwaisenzetsa thumba la chimanga n'kuiuza kuti ithamange. Kilatchi ndi magiya nazonso zimalandira nawo chipsinjocho.

Chachinayi ndi chakuti vuto la misewu yathu silifanana ndi limene chipangizochi chidapangidwira. Icho chimathandiza masekondi ochepa ponyamuka. Koma lole yodzaza miyala ikamakwera chitunda chachitali imafuna mphamvu kwa mphindi zingapo, ndipo pa nthawi imeneyo turbo imakhala itadzuka kale. Tiwonjezerepo fumbi la m'chilimwe, matope a m'dzinja ndi kugwedezeka kwa misewu ya kumidzi, zomwe ndi adani a zipangizo za kompyuta. Chikawonongeka ku Milepa, makaniko wa pansi pa mtengo alibe pogwira, pamene pampu yakale ya dizilo ndi turbo wamba amazidziwa ngati chikhatho chake.

Zimene Zimathandizadi

Amalume anga ali ndi pikiapu yakale ya turbo imene amanyamulira tomato ndi kabichi kupita nazo ku msika wa Limbe. Chaka chatha galimotoyo idayamba kufooka ndi kufuka. Tsiku lina adandipatsa foni yawo n'kunena kuti, "Iwe wa ku yunivesite, tandiwerengera Chingerezi ichi. Akuti kachinthuka kakhoza kudzutsa galimoto yanga." Ndidawamasulira zonse, kenako ndidati, "Amalume, apa alemba za mphepo yokhayokha, za pulesha sadatchulepo. Bwanji muyambe mwaonana ndi amakaniko?" Makaniko wina wachikulire atamvetsera kulira kwa injini adatsegula boneti n'kunena kuti, "Achimwene, galimotoyi siidakalambe ayi, yangotsamwa." Adapeza sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, komanso paipi yarabala yochokera ku turbo itang'ambika kunsi, moti mpweya umene turbo inkapopa unkathawira panja. Atasintha zinthu ziwirizi galimoto idayambanso kukoka.

Zimene zidachitikira amalumewa n'zofala. Injini yakale ikafooka, nthawi zambiri imakhala kuti yataya mphamvu imene idali nayo, ndipo mankhwala ake ndi kufufuza pamene mphamvuyo ikuthawira. Kumbali ya mpweya, poyambira ndi sefa, mapaipi ndi zomangira zake, intercooler imene ndi karedieta koziziritsa mpweya wochokera ku turbo, komanso wastegate, kachitseko kamene kamalambalalitsa utsi pulesha ikakwana. Kachitseko kameneka kakakakamira kali kotsegula, turbo siidzuka bwino. Kumbali ya mafuta, poyang'ana ndi sefa ya dizilo, manozo amene akatha amadontheza m'malo mopemerera, ndi nthawi imene pampu imatumizira dizilo. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi mu 2022, anthu ambiri ankagula dizilo wa m'zigubu, ndipo dizilo wolowa madzi kapena fumbi amadya pampu ndi manozo pang'onopang'ono.

Mtundu wa utsi nawo umalankhula. Wakuda umasonyeza kuti mpweya wachepa kapena dizilo wachuluka. Wobiriwira mofanana ndi mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, mwina chifukwa cha maring'i otha kapena turbo yodontha. Woyera umasonyeza dizilo wosapsa kapena madzi olowa mu silinda. Palibe fani imene ingachize matenda amenewa. Nthawi zinanso vuto silikhala mu injini n'komwe, koma ndi kilatchi yoterereka, mabuleki ogwira, matayala opanda mpweya wokwanira, kapena katundu woposa muyeso wa galimotoyo.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo lake. Dalaivala wodziwa ntchito amatsitsa giya asanayambe chikweza, kuti injini ithamange ndipo turbo ikhale ili maso. Njira imeneyi imathetsa mbali yaikulu ya kuchedwa kwa turbo popanda kulipira tambala. Akafika pa ulendo wautali amaisiya injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri asanazimitse, kuti oyilo aziziritse turbo. Kusintha oyilo pa nthawi yake ndi chinthu chinanso chimene chimatalikitsa moyo wa turbo, pakuti kamtanda kake kamayandama pa oyilo.

Nkhani ya Dzina

Mawu ambiri a m'galaja tidabwereka ku Chingerezi n'kuwaveka zovala za Chichewa. Popeza maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, tidapeza mawu monga buleki, kilatchi, sipanala ndi injini. Kubwereka kotere kulibe vuto ngati chinthucho tikuchidziwa ndi manja athu. Vuto limabwera pamene dzina lafika chinthucho chisanafike, chifukwa dzina lachilendo silimuuza kanthu womva. Mawu akuti supercharger amamveka aulemerero, ndipo munthu sangadziwe ngati akunena za makina a mawati 7,000 kapena za kafani ka mawati 180.

Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, imene idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000. Ntchito yopeza mawu a zaluso ndi ya mabungwe otere, komanso ndi yathu ife ophunzira. Chichewa chimapanga mayina a zipangizo kuchokera kwa aneni, monga chotsekulira, chopalira ndi cholembera, ndipo dzina lotere limanena lokha ntchito ya chinthucho. Ndikupempha kuti supercharger yeniyeni tiziitchula kuti chopopera mpweya chamagetsi, ndipo kafani kaja tizikatchula kuti chokupizira. Wogulitsa atanena kuti, "Ndikugulitsa chokupizira injini," ogula ambiri angaseke n'kupitirira.

Mathero

M'nkhani ino ndaonetsa kuti supercharger yamagetsi ilipo ya mitundu iwiri. Yotchipa imangokupiza, siiwonjezera mphamvu, ndipo ikhoza kuwononga turbo. Yeniyeni imapopa ndithu, koma imafuna magetsi a mavolti 48, kompyuta, ndalama zakunja ndi injini yolimba, ndipo phindu lake ndi la masekondi ochepa ponyamuka. Kwa mwini pikiapu kapena kalole ka ku Chiradzulu, yankho langa ndi lakuti zonse ziwiri n'zosayenera kugula. Ndalamazo apite nazo pa sefa, mapaipi, manozo, oyilo ndi redieta, ndipo achepetseko matumba awiri pa katundu. Turbo imene ili kale m'galimotomo ndi chopopera champhamvu kuposa chilichonse chimene batire la mavolti 12 lingazunguze, bola isamalidwe.